Nkhata ya Vibia Pamzere wa Nsomba

Patangotha masiku atatu akuluakulu a ku Roma ataletsa magule a Bakusi, mulungu wa vinyo, Vibia anaima pamzere wogula nsomba atavala kumutu nkhata ya masamba a mpesa, chizindikiro cha otsatira mulunguyo. Bambo wina wosamudziwa anamukodola.

"Mayi, vulani chimenecho. Simunamve lamulo? Dzulo lomweli amanga anthu ambirimbiri."

"Ndamva, bambo. Mmodzi mwa iwo ndi mng'ono wanga."

"Ndiye mukufuna kumutsatira? Mulungu wa zidakwa ameneyu n'kumufera?"

"Zidakwa zake ziti? Ine ndimakhalira kupota ubweya, mwamuna wanga osandilola ngakhale kusuzumira kunja, kupatula akandituma kumsika kuno. Koma ng'oma ikalira kunkhalango, timavina tonse, akapolo ndi akazi a olemera, kumwera chikho chimodzi. Kumeneko palibe wondifunsa kuti ndine wa yani."

"Tsitsani mawu, mayi inu! Msilikali uyo akuyang'ana kuno."

"Ayang'ane. Amene amatiimbira ng'omayo ndi mayi ake omubala."

"Kalanga ine, akubwera! Mumuuza chiyani?"

"Ndimufunsa ngati wabweretsa zingwe ziwiri, changa ndi cha mayi akewo."