Mayi Mervis Namakhwa, amene ankaphunzitsa atsikana kutera bwino

Malemu mayi athu, Mayi Mervis Namakhwa, anabadwa pa 9 Juni 1958 konkuno ku Chilomoni. Makolo awo anachokera ku Phalombe kudzafuna ntchito m'tauni muno.

Sukulu anayamba mu 1965, ndipo atafika ku sekondale anatchuka ndi mpira wamanja. Mu 1976, pa masewero ena, analumphira mpira n'kutera ndi mwendo umodzi, uli wowongoka. Bondo linapotoka, mtsempha n'kuduka. Kusewera kwawo kunathera pomwepo, koma funso linawatsalira mumtima: n'chifukwa chiyani anzawo ankatera osavulala?

Mu 1980 anamaliza maphunziro a uphunzitsi, nayamba ntchito ku Zingwangwa, kenako anasamutsidwira ku Ndirande. Mu 1983 anamanga banja ndi Bambo Luckson Namakhwa, okonza mawailesi, amene anatsogola mu 2011.

Mu 1991 anasankhidwa kukachita kosi ya miyezi isanu ndi inayi yokhudza kayendedwe ka thupi la munthu. Kumeneko anaphunzira mmene minofu imakokera mafupa, ndi mmene chiuno, bondo ndi akakolo zimagawanirana kulemera munthu akamathamanga kapena kulumpha. Anabwerako atapeza yankho la funso lawo lija. Anayamba kukweza pabenchi atsikana amene ankawaphunzitsa mpira wamanja kusukulu n'kumawalumphitsa mobwerezabwereza, mpaka atazolowera kutera ndi miyendo yonse iwiri, maondo atapinda, bondo osagwera mkati. Makolo ena anadandaula kuti ana akungolumpha ngati achule m'malo moponya mpira. Malemu ankawayankha mofatsa kuti, "Mwana wanuyu ndikufuna adzakwerebe chitunda cha ku Chilomoni ali ndi zidzukulu." Ambiri mwa atsikanawo ali pakati pathu lero, ena ndi aphunzitsi, ena ndi makochi.

Anapuma pantchito mu 2018. Chaka chotsatira anadwala sitiroko, mbali yakumanzere n'kufooka. Ife tinkaopa kuti sadzayendanso. Iwo anauza mwana wawo Tithokoze kuti amange chingwe kuchokera pakhomo mpaka pamtengo wa mapeyala, ndipo m'mawa uliwonse ankagwira chingwecho, akuliyang'ana phazi lawo ndi kulidzudzula monga ankachitira ndi ana asukulu. Patatha miyezi khumi ndi umodzi, anafika kutchalitchi wapansi, ndodo ili m'manja.

Mu Januwale 2024 anapezeka ndi khansa ya m'mafupa. Matenda awa sanali oti munthu n'kulimbana nawo ndi chingwe. Ululu unali waukulu. Malemu ankatha kutitchulira dzina la fupa limene likupweteka, koma ife tinalibe chochita kupatula kuwatembenuza ndi kuwapatsa mankhwala. Chimene chinkawavutitsa kuposa ululuwo chinali mwana wawo woyamba, Austin, amene anakhala ku Joni zaka khumi ndi ziwiri osabwera chifukwa chosowa mapepala oyendera. Ankaopa kuti apita asanamuone, ndipo nafenso tinkaopa zomwezo.

Lachiwiri lapitali masana, malemu ali chigonere, maso atatseka, panamveka mapazi pakhonde. Tonse tinkayesa kuti ndi anansi. Iwo anati, "Ameneyo ndi Austin. Amakoka phazi lamanja, sanasinthe." Analidi iyeyo, atangotsika basi. Anakhala naye masiku atatu, anacheza, anapempherera limodzi. Lachisanu pa 15 Ogasiti 2025, nthawi ya 3 koloko masana, anatisiya mwakachetechete ana awo onse ali pambali pawo. Anali ndi zaka 67.

Malemu asiya ana atatu, Austin, Tithokoze ndi Mildred, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, komanso mchemwali wawo, Mayi Phoebe Likoswe aku Bangwe.

Abanja tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi amumpingo amene sanatope kubwera, anansi athu, adzukulu, ndi ophunzira awo akale amene ankasinthana kudzawasambitsa Loweruka lililonse.

Tikulira, inde, koma sitikubisirani kuti mitima yathu yapepuka. Kwa chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri mayi athu sanagonepo tulo topanda ululu. Lero agona. Mzimu wawo uuse mumtendere.