Nthungululu Yanga Kuhotela ya ku Balaka

Akuwailesi, ndiwerengereni kakalata kanga. Ndine gogo wa ku Machinga, kulemba kumandivuta koma nkhani ndili nayo.

Mdzukulu wanga wamkazi amaimba kuhotela ina ku Balaka. Achibale anandituma kuti ndikamutenge, ati ntchito imeneyo ikutichititsa manyazi. Ndinakwera minibasi, ndinapita ine, ndinapita.

Ndinapeza kachipinda kochepa, matebulo owerengeka, anthu ali phee. Mwanayo anatulukira atavala diresi lonyezimira, woimba gitala ali pambali. Ankayenda pakati pa matebulo, apa kuimba, apa kuseketsa anthu. Atakweza mawu, ndinaiwala chimene ndinadzera. Ndinaimirira, nthungululu lululu, mpango m'manja kukamupukuta thukuta monga timachitira paukwati.

Gitala inasiya kulira. Maso onse pa ine. Kani kumeneko salulutira nyimbo ili pakati, amadikira ithe n'kuwomba m'manja.

Mwanayo anagwada. "Anganga, mwabwera kudzanditenga?"

"Iyayi, mwanawe, dzuka. Maliza nyimboyo, ndakudula."

Anaimaliza atandigwira dzanja. Kumudzi ndinabwerera ndekha, ndipo amene ali ndi mafunso akamumvere okha.