Chigayo Chinatilekanitsa

Aulutsi, ndine mai wa ku Nyimba. Chonde ndiwelengeleniko nkhani yangayi.

M'zaka za chipani chimodzi, amuna anga ndi mnzao anagula chigayo pamodzi. Ine ndi akazi a mnzaoyo tinakondana ngati pachibale. Ndiwo anandipelekeza ku chipatala cha Minga pokabala mwana wanga woyamba.

Chigayo chitayamba kuyenda bwino, azibambowo anakangana kuti mwini wake weniweni ndani. Aliyense anakatenga loya wake ku Lusaka, mlandu n'kulowa m'khoti ku Petauke.

Tsiku lina ndinawaona anzangawo pamsika. Ndinawathamangila, koma iwo anawelama.

"Amai, loya watiletsa kulankhula nanu mpaka mlandu uthe," anatelo misozi ili m'maso. "Koma mwana ali bwanji?"

Ndisanayankhe, amuna ao anawaitana.

Mlanduwo unatenga zaka. Khoti linalamula kuti chigayo chigulitsidwe, ndipo banja lao linasamukila ku migodi tisanaonanenso. Amuna anga anamwalila kalekale, za chigayocho palibenso amazikamba.

Anzanga, ngati muli moyo ndipo mukumvela, mlandu uja unatha. Ndikali pamudzi womwe uja, kuseli kwa sukulu. Bwelani, ndakusowani.