Jelasi, Kadzidzi ndi Malaya a Apongozi

Zaka zija ife alimi wamba titangololedwa kulima fodya wa bale, kuno ku Chiosya kunali mitengo yoti munthu ukakhala pansi pake dzuwa umangolimva mbiri, osati lero lino pamene mbuzi zikulimbirana mthunzi wa pholo la magetsi. Inu anyamata, poti chigayo chaima, khalani pamatumba anuwo ndikuuzeni za mnzanga Jelasi, amene ndinkayenda naye pangolo.

Jelasi anachokera kwa Zulu kudzakhala pachikamwini kwa mayi Nabanda, amene mwana wawo Esinati anamukwatira. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndiye mnzangayo ankayesetsa kuti apongozi amukonde. Kuseri kwa nkhokwe zawo kunali mkuyu waukulu wamphako, ndipo m'mphakomo munkakhala akadzidzi, koma mayi Nabanda sankawafuna ngakhale pang'ono.

"Mbalame zimenezi zikundiitanira maliro," ankatero. "Kodi pakhomo pano palibe mwamuna?"

Jelasi atamva choncho ananola nkhwangwa. Esinati anamuletsa, amvekere, "Bambo, mtengowu ndinaupeza, ndipo sunaphepo munthu." Koma iye anaugwetsa ndithu, nthambi zake namangira chigafa cha fodya, akadzidzi aja n'kuthawa. Tsiku limenelo apongozi anamuphera tambala, ndipo iye ankayenda m'mudzi ngati wapha mkango.

Musaseke msanga, nkhani ikadalipo. Titakolola, makoswe anabwera ngati aitanidwa paukwati. Anadya mtedza wambewu, anaboola matumba, anatafuna zingwe za goli, ndipo ankadutsa pabwalo masanasana osathamanga n'komwe, poti wowaopsa kumwamba kunalibe. Tsono tsiku lina mayi Nabanda akutsegula sutikesi kuti avale malaya awo oyera a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, anapeza kumsana kuli zenera.

"Jelasi! Makoswewa achoke, apo ayi uchoke ndiwe!"

Mnzangayo anagula mankhwala a makoswe, koma amene anafa ndi galu wa pakhomo pomwepo, atadya khoswe wakufa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Kenaka anamva kuti ku Chipata kuli amphaka olusa, ndipo anandinyengerera kuti ndimuperekeze panjinga. Tinampeza mphaka wamkulu, wamaso ngati makala amoto, n'kumuika m'dengu, pamwamba chitenje.

Pobwerera, pachipata cha malire, msilikali anatiimitsa.

"Muli chiyani m'dengumo, madala?"

"Nkhuku, bwana," anatero Jelasi, thukuta lili kamukamu.

Nkhuku ija inangoti, "Miyaaawu!"

"Nkhuku za kwanu zimalira chonchi?" anafunsa msilikali uja akukweza chitenje. Mphaka anatumpha, namukanda Jelasi pamphuno, n'kuliyatsa liwiro kubwerera kwawo ku Zambia wopanda pasipoti. Msilikali anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo ife tinafika kumudzi ndi dengu lokhalokha.

Tinapeza katundu wa Jelasi atamangidwa kale pakhonde. Apa ndi pamene Esinati, mkazi wofatsa uja, anaima pakati pa mayi ake ndi mwamuna wake.

"Amayi, amene anati akadzidzi achoke ndani? Munachotsa alonda osalipidwa, lero mukufuna kuchotsanso wolima? Akapita awa, ine ndipita nawo, mutsale ndi makoswe anuwo."

Mayi Nabanda anangolowa m'nyumba. Katundu anamasulidwa, koma chaka chimenecho mbewu ya mtedza anachita kupempha kwa ife.

Akadzidzi anadzabwerera okha patapita nyengo, n'kukhala kudenga la chigafa chakale chija, ndipo makoswe anayamba kuchepa. Mukanamuona Jelasi! Mwana akangotola mwala pafupi ndi chigafacho, iye ankamuthamangitsa mpaka kudambo. Mayi Nabanda nawo akamva kulira kuja ankangoti, "Aja ayamba ntchito."

Lero ndimakuonani ndi malegeni, ndi nkhwangwa, ndi mabotolo a mankhwala opopera chilichonse choyenda, ndipo mukatero mumadabwa kuti mbozi zachuluka bwanji m'chimanga. Ana anga, chamoyo chilichonse chili ndi chimene chimadya ndi chimene chimachidya, ndipo ukachotsapo chimodzi, chinzake chimakudyera iwe. Musanagwetse mtengo, yambani mwayang'ana m'mwamba, mufunse kuti mukuchotsa ntchito yani.