Mbiri ya Amayi Amene Anatola Dzina la Mpingo

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1968, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndaima pano ndine mlongo wawo, mzime, ndipo ndinakulira kumsana kwawo.

Anayamba sukulu mu 1975. Ali ndi zaka 16 analowa kwaya ya mpingo wathu uno, akuimba alito. Mu 1987 anamaliza maphunziro a kutayipa n'kulembedwa ntchito pa kampani yosindikiza makadi ndi timabuku. Pa 8 Disembala 1990 anamanga ukwati woyera ndi alamu athu amakanika, amene anatsogola mu 2009.

Mu 2011 kampani ija inatsekedwa. Achemwali anatsala ndi ana atatu, manja awiri, ndi kompyuta yakale imene anaiika pakona pa tebulo lodyera. Ambiri mwakhala mukuwatcha Amayi a Maina osadziwa chimene ankachita, choncho ndifotokoze. Webusayiti iliyonse ili ndi dzina lake la pa intaneti, ndipo dzinalo amalilembetsa chaka ndi chaka. Mwiniwake akaiwala, limadikira masabata angapo, kenako limafufutidwa, ndipo aliyense akhoza kulitola. M'mawa uliwonse akatha kupemphera, malemu ankavala magalasi n'kutsegula mndandanda wa maina otere. Ankafuna lalifupi, loti munthu angalitchule pa foni osabwereza. Ankafufuzanso mbiri yake, ndipo ngati linagwirapo za juga kapena zolaula ankalisiya, likongole chotani. Labwino ankalilembetsa n'kukaligulitsa kwa eni mashopu ndi sukulu. Ankaseka kuti iwo ndi wokunkha chabe, woyenda m'mbuyo mwa okolola. Ana onse atatu aphunzira ndi zokunkhazo.

Mu Juni 2017, pa mndandanda wa maina oyembekeza kufufutidwa, anaona dzina la mpingo wathu. Makalata okumbutsa anali akupita kwa abusa amene anasamuka kalekale. Malemu anathamangira kwa alembi a mpingo. Anapitako kawiri, ndipo kawiri konseko anauzidwa kuti komiti ikumana mwezi wamawa. Iwo ankadziwa kuti dzina lotchuka chotere likagwa, a juga amalikhwatula nthawi yomweyo, ndipo mkhristu wofuna nthawi ya mapemphero akanakapeza njuga pa dzina la nyumba ya Mulungu. Tsiku lofufutidwa litafika, anakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa osadya kanthu, ndipo atangoona kuti lagwa analitola. Analilembetsa m'dzina lawo, pakuti panalibenso wina woti alembepo.

Lamulungu lotsatira anabwera ndi mapepala kuti alipereke. Anapeza nkhani itawatsogolera. Bwalo la akulu linali litauzidwa kale kuti mayi wogulitsa maina waba dzina la mpingo kuti achite nalo malonda. Amene anagona pa ntchito sanafunsidwe kanthu. Chigamulo chinali chakuti alembe kalata yovomera kuti anaba, ndipo pokhapo mpingo udzalandira dzinalo ndi iwo omwe. Achemwali anayankha kuti machimo ali nawo ambiri oti alape, koma sangabwereke lina limene sanachite, chifukwa kunama pamaso pa Mulungu ndiko kukanakhala tchimo lenilenilo. Pa 6 Ogasiti 2017 anaimitsidwa kudya mgonero ndi kuimba mu kwaya.

Ena tinawauza kuti mipingo ilipo yambiri. Anatiyankha kuti mwana sasintha mayi chifukwa wamenyedwa molakwika. Pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri anakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko pamene timasiya maambulera, akuimba alito yawo. Mbale ya mgonero ikamayenda ankapinda miyendo kuti idutse bwino. Chaka chilichonse ankalilembetsanso dzina lija, ndipo Lolemba lililonse ankakonza nthawi za mapemphero pa webusayiti. Mpingo sunasiye kulisindikiza pa mapulogalamu ake. Kugwiritsa ntchito chinthu chobedwa sikunavute aliyense.

Mu Novembala 2023 anawapeza ndi matenda a impso. Mu Epulo 2024 anagonekedwa m'chipatala. Sanadandaule za ululu. Chimene anapempha ndi chimodzi, chakuti alandire mgonero asanapite. Mwana wawo woyamba anakapereka pempholi katatu. Akulu anati nkhaniyi ndi yakale, iyenera kukambidwa pa bwalo, ndipo bwalo lidzakhala pa 25 Meyi. Malemu anatisiya pa 16 Meyi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, akuimba chapansipansi nyimbo ya mgonero.

Ndinene zoona pamaso pa bokosi ili. Ife abale tinkafuna kuti dzinalo tilisiye ligwe, alitole amene angalitole. Malemu anatikaniza. Anauza mwana wawo kuti alembe pa pepala mawu achinsinsi oyendetsera dzinalo, aike mu envulopu, ndipo apereke kwa abusa popanda kufunsa kanthu. Envulopuyo yaperekedwa m'mawa uno. Mulibe kalata ina iliyonse. Akuluakulu a bwalo, takuonani mwakhala kutsogolo, ndipo tikukulemekezani. Pa 25 pano nkhani ya achemwali muidumphe, musatayenso nthawi. Mwini gome wawaitana yekha, ndipo Iye sanadikire kuti mukumane.

Malemu asiya ana atatu, wamkazi mmodzi ndi aamuna awiri, zidzukulu zinayi, amayi athu okalamba amene akhala apowa, ndi ife abale awo anayi.

Tikuthokoza anamwino a mu wodi ya amayi, amene ankawatembenuza mwaulemu ngati kholo lawo. Tikuthokoza aneba, eni mashopu amene atseka lero kuti adzaperekeze, ndi nonse amene mwakhala nafe chichitikire zovutazi. Mwapadera tikuthokoza amayi anayi a alito amene kuyambira 2018 anachoka okha kutsogolo n'kukakhala pa benchi yomaliza ija. Mulungu anakuonani.

Achemwali, pitani mukapume. Mzimu wanu uuse mumtendere mpaka m'mawa wa kuuka.