Mbiri ya Malemu Aleck Nzunga, Amene Anatsekera Zibonga

Malemu Bambo Aleck Thomas Nzunga anabadwa pa 9 Malichi 1929 kufupi ndi Kasinje, m'boma lathu lino la Ntcheu. Anali oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine Fanizo, mng'ono wawo amene ndinawaponda pamutu. Ambiri a inu mukudziwa kuti kwa zaka khumi ndi zitatu sindinapondeko pakhomo pano, ndipo ndakuonani mukukodolana pamene ndimatenga pepalali. Chifukwa chake muchimva m'mbiri yomweyi.

Bambo athu anathera mphamvu zawo ku migodi ya ku Joni, choncho analumbira kuti mwana wawo woyamba sadzalowa pansi pa nthaka akadali moyo. Malemu anayamba sukulu ya mishoni mu 1938, anakhoza Sitandade 6 mu 1946, ndipo anamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1949. Pa 18 Julayi 1953 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Christobel Nangozo a ku Bwanje, kumene ankaphunzitsa. Kuwonjezera pa choko, malemu anali katswiri wa ngoma, gule wathu wa Chingoni. Akaponda pansi iwo, ife enafe tinkangooneka ngati tikuthamangitsa nkhuku.

Mu 1966 anaitanidwa ku koleji ya aphunzitsi ya Nankhwazi kuti akakhale woyang'anira anyamata ogonera pakolejipo. Masiku amenewo mnyamata wa Chingoni akamachoka pakhomo, bambo wake ankamupatsa chibonga, ndipo chibonga cha mwamuna munthu wina sachigwira. Pakoleji panalinso gulu la ngoma lovina pamisonkhano ikuluikulu. Ndiye zibonga, nthungo ndi zishango zinkagona kunsi kwa mabedi, aliyense ndi zake. Palibe ankaona cholakwika, ngakhale malemu amene.

Loweruka pa 21 Okutobala 1972, dzuwa lili paliwombo, anyamata awiri analimbirana simbi yositira malaya. Simbi, abale anga, ya makala! Mmodzi anali Dauda Abbas, mwana wa a Abbas a sitolo pa Boma. Winayo anali Paison, mwana wanga weniweni. Paison anathamangira kuchipinda, natenga chibonga chimene ndinamupatsa ine ndi manja angawa, n'kumukhoma nacho mnzake pambali pa mutu. Malemu anamunyamula Dauda panjinga mpaka kumsewu waukulu, kumene anapeza lole yopita kuchipatala. Dauda anapulumuka, koma khutu lakumanzere silimva mpaka lero.

Lolemba lake malemu anasonkhanitsa anyamata onse pabwalo. Sanakalipe. Anatulutsa chibonga chawo chimene anawasiyira bambo athu, nachiika m'kachipinda kosungiramo makasu, kenaka n'kupempha kuti aliyense achite chimodzimodzi. Anyamata anaima ndii kwa nthawi yaitali, ena misozi ili mbwembwembwe, chifukwa zinali ngati awavula. Koma ataona kuti mwini gule wayamba yekha, analowa mmodzimmodzi. Mipeni ndi malegeni zinalowanso momwemo. Lamulo linakhala lakuti zida zizituluka tsiku lovina lokha, mphunzitsi ali pomwepo, ndipo zizibwerera dzuwa lisanalowe. Pophunzira gule, anyamata azigwira mapesi. Anthu a m'midzi anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuyamba kuwatcha Angoni a mapesi. Malemu ankangoyankha kuti phesi silinatumizepo mwana wa munthu kuchipatala.

Akuluakulu a koleji atafuna lipoti, malemu analemba zoona zokhazokha, ndipo Paison anachotsedwa sukulu atatsala miyezi isanu ndi itatu kuti akhale mphunzitsi. Ndinabwera kudzawagwadira kuti alembe kuti inali ngozi ya pagule. Anandiuza kuti Dauda nayenso ali ndi bambo wake amene akuyembekeza zoona. Ndinatuluka osatsanzika. Mtima wanga mumaudziwa, suchedwa kuyaka.

Zimene ndinene tsopano sizili papepala limene banja linandipatsa. Mu Epulo 1973 kunali kukonzekera msonkhano waukulu, ndipo anyamata a pakoleji anayenera kukavina. Munthu wina anapita kwa akuluakulu ena a m'dera lino kukanena kuti a Nzunga atsekera zida dala, n'cholinga choti ana asakavine pamsonkhanowo. Linali bodza, pakuti malemu anali atakonza kale zokatsegula tsikulo. Koma mukudziwa nokha kulemera kwa mawu otere masiku ano. Pa 26 Epulo kunabwera galimoto ali m'kalasi, ndipo anapita nawo kumene anapita nawo. Alamu anga a Nangozo, kwa zaka zonsezi mwakhala mukukayikira aphunzitsi anzawo, ena mpaka munasiya kuwapatsa moni. Asiyeni anthu aja, alibe mlandu. Amene anakanena ndine. Ndinkaganiza kuti angowadzudzula n'kuwachotsa paudindo, kuti nawonso alawe zimene analawa mwana wanga. Sindinaganize za galimoto.

Malemu anabwerako mu Novembala 1974, patatha chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri, ataonda, akutsokomola, ntchito itatha. Nthawi yonse imene kunalibe, a Abbas a sitolo ankatumiza mchere, sopo ndi shuga kwa alamu anga mwezi ndi mwezi, pamene ine m'bale wawo ndinali phee kwathu. Chinanso chimene malemu anapeza n'chakuti kachipinda kaja kanatsegulidwa iwo atangochoka, koma anyamata anakana kutenga zida zawo. Anapempha kuti kiyi asungidwe ndi mphunzitsi wina, ndipo lamulo lija lilipobe. Chichokereni 1972, pakoleji ya Nankhwazi sipanakhetsedwenso magazi. Makoleji ena awiri anatumiza anthu kudzaona mmene zimayendera.

Kuyambira 1975 malemu anakhala mlimi wa thonje kuchigwa cha Bwanje, ndiponso mkulu wa mpingo. Za kumene anali sanauzepo munthu. Paison atafuna kukwatira mu 1978, ine ndinamuletsa kubwera kuno, koma anabwera mozemba, ndipo malemu anamulandira ngati palibe chinachitika, mpaka anamupatsa ndime ya munda. Ine manyazi anandimanga miyendo. Ndikawaona pamsika wa pa Boma ndinkakhotera kuseri kwa mabenchi a nsomba, bambo wamkulu ndi imvi zanga.

Chifuwa chimene anabwera nacho chija sichinawasiye. Chinakula mu 1984, ndipo pa 30 Juni chaka chino anagonekedwa pachipatala cha pa Boma. Ndinapita kukawaona pa 10 Ogasiti, mawu onse nditawakonza panjira. Ndinakhala pambali pa bedi lawo. Iwo anandigwira dzanja, n'kundifunsa ngati bondo langa lija linapola, kenaka anandipempha madzi akumwa. Ndinawamwetsa, ndinatsanzika, n'kudziuza kuti ndidzanena Lamulungu lotsatira. Anatisiya Lachinayi pa 14 Ogasiti 1986, ali ndi zaka 57.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Nangozo, ana anayi, Julius, Aida, Lufina ndi Janeti, zidzukulu zisanu ndi zinayi, alongo awo awiri, ndi ine. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi a mvano, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse amene mwagona pano masiku awiri. Ndikuthokoza a Dauda Abbas, amene lero ndi mphunzitsi wamkulu, chifukwa chobweretsa thupi pagalimoto ya kwawo. Ndikuthokozanso a koleji ya Nankhwazi potumiza gulu la ngoma kudzaperekeza mphunzitsi wawo.

Dzulo pokonza mwambo uno ndinakana kuwerenga mbiriyi. Ndinati awerenge Julius, ine sindine woyenera. Apo m'pamene alamu anga anandiuza kuti si banja linandisankha. Malemu eni ake, kutatsala tsiku limodzi kuti atisiye, anawauza kuti mbiri yawo adzawerenge Fanizo, ndipo akamawerenga asadzadumphe chaka cha 1973, chifukwa ndi iye yekha amene akuchidziwa bwino. Alamu anga sanamvetse. Ine ndinamvetsa. Ankadziwa, abale anga. Zaka zonsezi ankadziwa, ndipo anamwa madzi m'dzanja langa.

Achimwene, ndawerenga, ndipo sindinadumphe. Ndinakulakwirani. Pepani, Nzunga, pepani. Mzimu wanu uuse mumtendere.