Malume akungozungulira siteshoni

Pamalo odikirira basi, kunja kwa siteshoni ya sitima, bambo wina wonyamula sutikesi ankakodola galimoto yoyera, mayi wogulitsa nthochi akumuyang'ana.

"Bambo, galimoto zazing'ono siziimanso pano. Msewu uno anaupereka kwa mabasi."

"Ndaona, mayi! Ine ndatsikira pamaloboti ndi katundu. Mkazi wanga akungozungulira ndi malume, akusowa powatsitsira."

"Atsikire kumsika, ayende wapansi."

"Akuti mawondo."

"Ndiye akwere basi, imafika pakhomo penipeni."

"Akuti sangakwere basi mphwawo ali ndi galimoto. Munthu anabwera kudzangotiona, lero mwezi watha, ife tikugona pabalaza!"

"Sitima yawo ndi iti?"

"Yomwe ikulirayo."

"Pepani, kayaleninso pabalaza. Taonani, awo akudutsanso. Malume anu akukubayibitsani, mano onse ali pamtunda."